Tsiku Limene Achimwene Anakana Kupumira

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, sanalawepo mowa chibadwire. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa kwathu ku Lungwena alipo anthu amene mpaka lero amakhulupirira zina.

Ntchito yawo inali yoyendetsa lole ya munthu wina wamalonda wa pa boma. Ankanyamula usipa wouma kunyanja n'kukwera nawo ku Namwera, pobwera n'kutsika ndi chimanga kapena nyemba. Akakhala pamudzi ndiwo ankaitana anthu ku swala pamzikiti wathu. Mzikitiwo ndi waung'ono, wa njerwa zosapaka pulasitala, ndipo masiku amenewo unalibe chimkuzamawu. Ankaima pakhonde, zala m'makutu, mawu awo n'kumakafika kudoko kumene asodzi amakokera mabwato. Palibe ankawalipira. Akuluakulu anawapatsa udindowo chifukwa cha mawuwo, komanso chifukwa anali dalaivala amene munthu sanamumverepo kanthu. Kwathu madalaivala a malole amadziwika ndi mowa ndi akazi a m'njira. Achimwene ankadziwika ndi azana, kuitana kwa pamzikiti kuja, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa lole.

Chinthu chimodzi chokha ankabisa. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga, n'kuwayambitsa mapiritsi. Ankadziwa ndi alamu anga, akazi awo, ndi ine basi.

"Bwana akamva andilanda makiyi," anandiuza. "Amaopa dalaivala wodwala kuposa dalaivala wakuba. Usadzatchule kwa munthu."

Achipatala anawalangiza kuti asamasale kudya m'mwezi wa Ramadhani. Chipembedzo chathu nachonso chimamulola wodwala kudya, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe. Koma ndikawakumbutsa ankandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Munthu woitana anzake ku swala azidya masana? Ana aziti chiyani?"

Choncho ankamwa piritsi lawo m'bandakucha pamodzi ndi chakudya, n'kukhala tsiku lonse osalawa ngakhale madzi.

Chaka chimene ndikunenachi Ramadhani inagwa mvula ikupita kokata, kunja kukutentha kwa chinyontho. Ine ndimagwira ntchito yosunga katundu pa loji ina ku Nkopola, koma sabata imeneyo ndinali patchuthi kumudzi. Azakhali athu ku Namwera ankadwala, ndiye ndinapempha achimwene kuti ndikwere nawo ndikawaone.

Kupakira kunachedwa. Eni usipa ankakangana za matumba, wina akuti lake lisakhale pansi, wina akuti lake lanyowa. Achimwene sanakhale pamthunzi. Anakwera pamwamba pa lole n'kumakoka okha zingwe, dzuwa likuwawomba pamutu. Tinanyamuka nthawi ya swala ya masana itayandikira.

Msewu wochokera kwathu ndi wa mabampu, ndipo munthu ukakhala kutsogolo kwa lole sulankhula zambiri. Komabe ndinaona kuti achimwene angoti zii mopitirira muyeso. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka kunyowetsa mkanjo wawo woyera. Posintha giya dzanja linkaphonya chitsulo, n'kuchita kufufuza.

"Muli bwino, achimwene?"

"Yang'ana kutsogolo."

"Tiime pang'ono pamthunzi apo."

"Ndati yang'ana kutsogolo. Lole ukuyendetsa ndiwe?"

Ndinayang'ana kutsogolo. Kwathu mng'ono sabwereza funso kachitatu.

Pamene msewu wathu umakumana ndi wa tala wochokera kumlatho wa pa Shire, munthu wopita ku Namwera amakhotera kumanzere. Achimwene anakhotapo kambirimbiri pamenepo. Tsiku limenelo anachedwa kupinda chiwongolero. Lole inadumpha mzere wapakati n'kulowa mbali ya eni ake, ndipo wakabaza wina amene ananyamula mayi ndi mwana anathawira m'udzu. Mayiyo anakuwa. Achimwene anabweza lole mwamphamvu, matumba kumbuyo n'kupendekeka.

Patsogolo pang'ono panali apolisi apamsewu, ataika migolo yawo iwiri ndi mtengo wopingasa. Zonse anaziona. Mkono wa wapolisi unakwera kutiimitsa tisanafike n'komwe.

Malo amenewo sasowa anthu. Pamaima maminibasi, pali akabaza, amayi ogulitsa nthochi ndi thobwa, ndi anyamata oitanira. Apolisi anali awiri: sajeni wamkulu thupi, amene kalankhulidwe kake kanali ka kuchigawo chapakati, ndi wapolisi wamkazi wocheperapo msinkhu.

"Madala, zimitsani injini," anatero sajeni. "Laisensi."

Achimwene anatulutsa kachikwama, koma zala zinkanjenjemera, kachikwamako n'kugwera pansi pa mpando. Ndinawatolera.

"Mukuchokera kuti?"

"Ku... kunyanja." Lilime linali lolemera ngati la munthu wodzuka kumene.

"Munamuona wanjinga uja?"

"Ndinamuona."

"Munamuona, n'kumulondola dala? Tatsikani."

Potsika anaphonya chopondera, n'kugwira chitseko. Sajeni anawayandikira n'kuwauza kuti amupumire kumaso. Anakwinya mphuno.

"Iii, fungo limeneli?"

"Bwana, akusala," ndinatero ine. "Tonse tikusala. Ndi fungo la m'kamwa mwa munthu amene sanadye."

"Ndafunsa inu? Ndinu loya wawo?"

"Ndine mng'ono wawo."

"Ndiye khalani mng'ono wawo apo." Kenaka anatsitsa mawu. "Bambo, ine ndatolapo ana pamsewu uno ndi manja angawa. Onse amene anawagunda ankati sanamwe."

Sindinamuone ngati munthu wankhanza. Anaona lole ikuyenda ngati njoka, dalaivala akudzandira, ndipo anachita zimene ntchito yake imafuna. Fungo la munthu wosala aliyense kwathu amalidziwa, koma iye sanakulire kwathu.

Wapolisi wamkazi anabweretsa kamakina koyezera mowa, kooneka ngati foni yaikulu. Anatulutsa kapaipi koyera kali m'kapepala ka pulasitiki.

"Mupumira umu mwamphamvu mpaka kalire," anatero sajeni. "Ngati simunamwe, nkhani ya mowa yathera pomwepo."

Achimwene anayang'ana kapaipiko n'kubwerera m'mbuyo.

"Chimenecho sichilowa m'kamwa mwanga."

"N'chatsopano, madala. Onani, ndikung'amba pepala pamaso panu."

"Ndikusala ine. M'kamwa muno simulowa kanthu mpaka dzuwa lilowe. Ndiponso chinthu chopumira zidakwa mundipatse ine? Ine?" Anadzimenya pachifuwa. "Funsani ku Lungwena kuti ndine ndani!"

Ndinawanong'oneza kuti kupumira sikumasula swaumu, kusala kwathu kuja, popeza sameza kanthu.

"Wakhala shehe liti iwe?" anandikalipira.

Apa m'pamene ndinachita mantha enieni. Achimwene si munthu wokuwa. Alamu anandiuzapo kuti shuga akatsika m'thupi, amayamba ukali wosadziwika kumene wachokera, ndipo samva za munthu. Ndinazindikira chimene chikuchitika. Koma lole inali ya bwana wawo, dzina la bwanayo litalembedwa pachitseko, ndipo ndinali nditauzidwa kuti ndisadzatchule kwa munthu. Ndinkayembekeza kuti apumira, tichoke, ndikawamwetse kanthu kutsogolo kopanda anthu.

"Tamverani, madala," anatero sajeni. "Kukana kupumira ndi mlandu pakokha. Mukakana ndikutengerani kusiteshoni, mukafotokoze kukhoti. Musandivutitse, kunja kwatentha."

"Ndiyeseni ngati munthu," anatero achimwene. "Ndiyende muone. Ndaonapo madalaivala akuyendetsedwa pamzere. Ndiyende, muone ngati ndaledzera."

Sajeni anatambasula manja.

"Mwafuna nokha. Mzere ndi uwo wachikasuwo. Chidendene chizigunda chala, mpaka pamgolo apo. Mukalephera mupumirabe."

Wapolisi wamkazi anandikodola n'kulankhula motsitsa.

"Auzeni asayende. Palibe lamulo likuwakakamiza kuyenda pamzere. Chimene sangakane ndi kupumira. Angopumira basi, zithe."

Mawu amenewo ndimawakumbukira kuposa ena onse a tsiku limenelo. Achimwene anali ndi ufulu wokana chinthu chimene chinawagwetsa, ndipo anachipempha okha. Chimene chikanawayeretsa ndicho anakana. Kwa iwo kuyenda anthu akuona kunali kwaulemu, kapaipi kanali konyoza.

Ndinawagwira mkono. "Achimwene, musayende. Chonde."

Anandikankha. Anakonza mzuli pamutu, n'kukwinya mkanjo m'mwamba pang'ono kuti mapazi aoneke, monga amachitira potawasa, posamba asanaswali. Anaima pamzere wachikasu wa m'mphepete mwa tala.

Anthu anali atasonkhana kale. Oitanira anasiya minibasi yawo. Akabaza anaimika njinga. Ndinaona mafoni akukwera m'mwamba, imodzi, kenaka ambiri.

Phazi loyamba linagwa bwino. Lachiwiri linapita kumbali. Anatambasula manja ngati mwana wowoloka pamtengo.

"Dekhani madala, msewu ukuthawa!" anakuwa woitanira wina.

"Shehe agwira ya m'mawa!"

"Ramadhani ya chaka chino ndi yokoma, eti!"

Anthu anaseka. Achimwene anaima, n'kubwerera poyambira kuti ayambenso. Sajeni anati basi zakwana, koma iwo sanamve. Nkhope inali itatuwa, milomo ikugwedera. Anayendanso. Patapata imodzi inavuka n'kutsala pamzere.

Kenaka kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu a mayi wina, osakuwa, ongodabwa.

"Si amene amaitana pamzikiti ku Lungwena aja amenewa?"

Sindikudziwa ngati achimwene anamva. Anatsala pang'ono kufika pamgolo pamene mawondo anapinda. Anagwa chogwada, dzanja limodzi n'kumenya mgolo, mgolowo n'kulira. Mzuli unagubuduzika mpaka pakati pa msewu. Ena anaseka kwambiri, ena anasiya.

Wapolisi wamkazi ndiye anayamba kufika. Anagwada n'kuwagwira pachipumi ndi m'khosi.

"Bambo awa ndi ozizira, koma thukuta lili kamukamu. Uwu si mowa." Anandiyang'ana. "Amadwala chiyani?"

Ndinayang'ana achimwene. Maso anali otsegula koma sankaona munthu.

"Shuga," ndinatero. "Amamwa mapiritsi. Sanadye chichokere m'bandakucha."

"Ndiye bwanji osanena nthawi yonseyi? Mayi anga amadwala omwewa." Anatembenuka n'kukuwa. "Amayi a thobwa! Muli shuga m'menemo?"

"Wambiri, bwana."

"Bweretsani msanga!"

Thobwalo linali m'kabotolo kapulasitiki kakale, kamene poyamba munali zakumwa zina. Ndinakhala pansi n'kutsamiritsa mutu wa achimwene pachifuwa panga. Botolo litafika pakamwa anatseka milomo. Ngakhale ali chikomokere chotero, thupi linkakumbukira kuti likusala.

"Achimwene, ndine. Mulungu sanalamule munthu kuti afere pamsewu. Imwani."

Wapolisiyo anawathira pang'ono pamlomo. Anameza. Kenaka anagwira okha botolo ndi manja awiri n'kumwa, thobwa likutsikira m'ndevu mpaka pamkanjo.

"Akuwonjezera!" anakuwa wina, ndipo kuseka kunayambiranso.

Mafoni anali akadali m'mwamba. Pakanema wa pafoni thobwa ndi masese sizisiyana.

Tinawakhazika pamthunzi wa lole. Pang'ono ndi pang'ono nkhope inabwerera. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku, n'kuona patapata ili payokha pamzere, mzuli uli m'manja mwanga, mkanjo uli ndi mabala a thobwa. Anagwira pandevu n'kuyang'ana zala.

"Ndamwa?"

"Mwamwa thobwa. Munagwa."

"Anthu akuona?"

Ndinawabwezera mzuli wawo. Iwo sanafunsenso.

Minibasi ija inadzaza n'kunyamuka, oitanira n'kuthamangira ina. Akabaza anapeza makasitomala. Munthu wokhala phee pamthunzi sakoka anthu, ndiye gulu linatha lokha.

Patapita nthawi sajeni anabwera ndi madzi kuti achimwene achukuche m'kamwa. Ananjuta pafupi nawo, chipewa chili m'manja.

"Bambo, pepani ndi zimene zachitika. Tsopano poti mwamasula kale, pumirani kuti ndikanene zoona zokhazokha."

Achimwene analandira kapaipi. Anapumira mpaka kamakina kanalira. Sajeni anakayang'ana, n'kutionetsa. Panali maziro okhaokha. Anaimirira n'kukakweza m'mwamba, kuloza kumene kunali gulu kuja.

"Onani nonse! Mulibe mowa m'thupi mwa bambowa! Ngakhale dontho!"

Amene analipo ndi mayi wa thobwa uja ndi akabaza awiri amene ankakonza tcheni. Mayiyo anati, "Ine ndinadziwa kale." Akabazawo anadzutsa mitu n'kubwerera kutcheni chawo. Palibe anajambula. Kafoni kanga kanali kamabatani, kopanda kamera.

Sajeni anati za mowa palibe mlandu, ndipo za kukana kuja aziiwala popeza munthu sanali bwino. Koma anati sangalole kuti achimwene akwere ndi lole mapiri a ku Namwera tsiku limenelo. Ine laisensi yanga ndi ya galimoto yaing'ono. Panalibe kuchitira mwina koma kuimbira mwini lole.

Bwanayo anafika panjinga yamoto, atakweza dalaivala wina kumbuyo. Anazungulira lole kuyang'ana matayala ndi matumba asanapereke moni. Kenaka anafunsa sajeni chimene chachitika, ndipo sajeni anafotokoza monga zinalili.

"Shuga?" anatero bwanayo. "Chiyambire liti, madala?"

"Papita nthawi."

"Osandiuza?"

Achimwene anayang'ana pansi.

"Chabwino. Kapumeni kaye kunyumba. Tidzakuitanani."

Anatambasula dzanja. Achimwene anatulutsa makiyi. Pamakiyipo panali kachingwe kachikopa kamene anamangapo okha kalekale, ndipo anayesa kukamasula, koma mfundo inali italimba. Anangopereka ndi kachingwe komwe. Tinaima m'mphepete mwa msewu n'kuona lole ikukwera chitunda, munthu wina ali pampando wawo, akukukuta magiya.

Kwa azakhali sitinafike. Tinawoloka mlatho kupita kuchipatala, kumene anawayeza n'kuwakalipira mwaulemu, kenaka tinakwera matola obwerera kumudzi. M'njira monse ananena mawu amodzi okha.

"Unanena."

"Ndinanena."

Anagwedeza mutu, ndipo nkhani imeneyo sitinaikambenso mpaka lero. Kutha kwa ntchito kuja kunawapweteka, koma si kumene kunawathyola.

Kanema anafika kumudzi ife tisanafike. Tinapeza alamu atakhala pakhonde maso ali ofiira. Mwana wa oyandikana nawo nyumba anali atawaonetsa kale. Ndinamuonera ine mawa lake pafoni ya mnzanga. Ndi wamfupi. Amayambira pamene achimwene akukwinya mkanjo, n'kuthera pamene agwira botolo ndi manja awiri. Wina anaikamo nyimbo ya m'mabala. Mawu a wapolisi onena kuti uwu si mowa samveka, nyimboyo inawaphimba.

M'mawa mwake achimwene anavala mkanjo wina n'kupita kumzikiti nthawi yawo ya masiku onse. Anapeza akuluakulu atatu atakhala pamkeka pakhonde, pamalo pamene iwo ankaima. Ine ndinali nawo. Wamkulu wa onse, bambo wokalamba amene ankaswali ndi malemu bambo athu, ndiye analankhula.

"Khalani pansi, mwanathu. Ife sitikukukayikirani. Tinakuonani mukukula."

"Ndinadwala," anatero achimwene. "Mphwangayu analipo. Makina anaonetsa kuti mulibe kanthu."

"Tamva, ndipo tikukhulupirira. Koma kanemayu wafika mpaka kwa ana athu ali ku Joni. Akutiimbira, akufunsa kuti mzikiti wathu ukuitanidwa ndi ndani. Pumani kaye mwezi uno uthe. Aphunzitsi a madrasa agwirizira. Anthu saiwala msanga, komabe amaiwala."

Achimwene anati, "Chabwino." Analowa mkati n'kukhala pamzere woyamba monga kale. Aphunzitsiwo anaitana. Mawu awo sanafike kudoko, ndipo asodzi ena anachedwa swala.

Ine sindinagone nazo. Nditabwerera kuntchito ndinkadutsa pamalo paja kufunafuna wapolisi wamkazi uja, mpaka ndinamupeza. Ndinamufotokozera zimene zachitika kumudzi. Anati adzabwera tsiku limene sali pantchito.

Anabweradi, Lachisanu lina, atavala chitenje ndi mpango kumutu, ngakhale si wa chipembedzo chathu. Swala itatha anaima panja pa mzikiti, amuna atakhala pakhonde, amayi ataima chapatali. Anafotokoza zonse mwadongosolo: thukuta lozizira, thobwa, kamakina, maziro. Anati pantchito yake waona zidakwa zambiri, ndipo bambo awa sanali mmodzi wa izo. Akuluakulu anamuthokoza kwambiri. Alamu anamupatsa chambo chowamba kuti akadye ndi mayi ake, iye anakana, alamu n'kuchita kumuikira m'jumbo.

Pofika Lamlungu nkhani inali itatembenuka. Kudoko ankati banja lathu lawadyetsa apolisi. Ankati wapolisi angachoke pa boma n'kubwera mpaka kuno kwaulere? Ena anamuona akunyamula jumbo. Ndinamva zimenezi ndi makutu anga kwa munthu amene sanadziwe kuti ndaima kumbuyo kwake. Atandiona anati, "Ife tikungomva, achimwene, sitikudziwa." Sindinapitenso kukafuna mboni ina.

Ramadhani inatha, Idi inadutsa. Mwini lole sanaitane. Achimwene anayamba kuthandiza alamu pakabenchi kawo ka tomato ndi mafuta ophikira, ndipo masiku otsala a Ramadhani ija anali atasiya kusala, monga achipatala ananenera. Ankadyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Thupi linabwerera, ankaoneka bwino kuposa kale. Koma anasiya kudutsa njira ya kudoko. Popita kumzikiti ankazungulira kuseri kwa minda.

Chaka chotsatira, Ramadhani itayandikira, aphunzitsi a madrasa aja anasamukira kwina. Akuluakulu anatuma uthenga kuti adzabwera kunyumba Loweruka kudzacheza ndi achimwene. Tonse tinadziwa chimene akudzera. Alamu anachapa mkanjo woyera n'kuusita. Ine ndinapempha tsiku kuntchito. Madzulo a Lachisanu ndinawamva achimwene kuseri kwa nyumba akuyesa mawu motsitsa, ngati munthu woyesa injini imene yakhalitsa.

Loweruka m'mawa tinakhala pakhonde kudikira alendo. Pabwalo ana ankasewera, ena a oyandikana nafe, pamodzi ndi mdzukulu wa achimwene, mwana wa mwana wawo wamkazi, amene anali asanayambe sukulu. Poyamba sitinasamale. Kenaka ndinaona kuti ajambula mzere pamchenga ndi kamtengo, kumapeto kwake aikako chidebe. Mmodzi anaima pambali atanyamula chigoba cha foni. Mdzukulu uja anaika chivundikiro cha poto pamutu, n'kukwinya malaya m'mwamba, n'kuyamba kuyenda pamzere, chidendene chikugunda chala. Anatambasula manja, n'kumadzandira dala.

"Dekhani madala, msewu ukuthawa!" anaimba anzakewo pamodzi.

Mwanayo anagwa chogwada pachidebe, chivundikiro n'kugubuduzika. Onse anafa nacho chiseko. Wina anathamanga ndi chibotolo chopanda kanthu kudzamumwetsa. Kenaka anayamba kulimbirana kuti tsopano ayende ndani.

Ndinaimirira kuti ndiwabalalitse. Achimwene anandigwira dzanja.

"Asiye."

Anamuitana mdzukuluyo. Anabwera akupuma wefuwefu, mchenga uli m'mawondo.

"Masewera amenewa dzina lake n'chiyani?"

"Shehe woledzera."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Aliyense amawadziwa, agogo. Ngakhale kumadrasa timasewera pobwera."

"Sheheyo ndi wa kuti?"

Mwanayo anakweza mapewa. "Kaya. Wa pafoni."

Achimwene anamupukuta mchenga m'mawondo n'kumuuza kuti azipita akasewere. Anakhala akuyang'ana mpaka mwana wina anayenda n'kugwa. Kenaka analowa m'nyumba. Atatuluka anali atavula mkanjo wosita uja, atavala malaya awo akumunda.

Akuluakulu anafika dzuwa litakwera. Anapereka salamu, anamwa tiyi, ndipo wokalamba uja ananena chimene anadzera. Anati nthawi yapita, mitima yazizira, mzikiti ukusowa mawu.

"Zikomo, bambo," anatero achimwene. "Koma pezani wina."

"Mwatikwiyira, mwanathu?"

"Ayi. Mawu anatha."

Wokalambayo anandiyang'ana ine ngati ndithandizepo. Alendowo anakhalako pang'ono, anakamba za mvula ndi za mitengo ya usipa, n'kutsanzika.

Patapita miyezi ingapo ana a kumudzi amene ali ku Joni anatumiza chimkuzamawu ndi batire la sola. Tsopano amaitana ndi aliyense amene wafika msanga, ndipo mawu amafika kudoko ngakhale a munthu wa chifuwa. Achimwene amapitabe kumzikiti nthawi zonse zisanu. Amadikira kuti azana ithe, anthu alowe, ndiye n'kunyamuka. Amakhala mzere womaliza, pafupi ndi chitseko pamene timavulira nsapato, ndipo swala ikangotha amakhala oyamba kutuluka.